Chitsime cha Mimba ya Mtsuko

Lilongwe
26 Okutobala 2008

Okondedwa achimwene a Fredson,

Landirani moni wochokera kuno ku Lilongwe. Kaya muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu a Malita pamodzi ndi ana? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kufika kutchalitchi, kapena nyimbo akungozimvera pakhonde? Ine kuno m'thupi ndili bwino. Za mumtima ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere. Wailesi inalengeza kuti munthu wa ku Kasungu wakwiririka m'ngalande pantchito ya mapaipi, dzina osatchula, ndipo inu mukudziwa kuti pantchito imeneyo ndi pamene ndili ine. Mawu anga munawamva pafoni Lachisanu lija, koma alamu akuti amayi sakukhulupirirabe. Amayiwo akuti ndinkalankhula ndili chigonere m'chipatala ndipo ndikubisa. Chonde muwawerengere ndime ino mokweza. Amayi, sindinavulale ngakhale chala. Kalata ino ndikulemba ndi dzanja langa nditakhala patebulo panga, ndipo a Frazer a minibasi, amene akubweretsa kalatayi, andiona ndikuyenda ndi miyendo yanga iwiri. Muwafunse.

Zotsatirazi, achimwene, muwerenge muli nokha.

Amayi amauza anthu kuti mwana wawo amalemba muofesi, koma muofesimo ndimakhalamo pang'ono. Kampani yathu ikukumba ngalande zazitali zoikamo mapaipi, zina zakuya kupitirira munthu wamtali atakweza manja. Ine ndi abwana anga, a Mphepo, timayendera ngalandezo m'mawa uliwonse anthu asanalowemo, ndiponso nthawi iliyonse mvula ikagwa. Timayenda m'mbali pang'onopang'ono maso ali pansi, ngati anthu ofuna bowa. Timayang'ana ngati pamwamba pachita mng'alu, ngati khoma latupa penapake, ngati mukutuluka madzi, ngati dothi lokumbidwa aliunjika pafupi kwambiri ndi mlomo wa ngalande. Timaonanso kuti makwerero ali pafupi ndi pamene anthu akugwira, kuti wothawa asachite kuwafunafuna. Pamene nthaka ili yosadalirika timalamula kuti aike matabwa m'makoma onse awiri n'kuwachirikiza ndi mitengo yopingasa. Tikakayika, timamanga tepi yofiira, ndipo palibe amene amaloledwa kutsika. Ntchito yake ndi yomweyo. Anthu satikonda kwenikweni, chifukwa timawachedwetsa.

Amene anamwalira ndi a Davison, a kwa Wimbe, bambo a msinkhu wanu, amphamvu komanso okonda nthabwala. Anabwera kutauni chaka chatha fodya wawo atachita kubwerera kuokushoni. Tsiku loyamba atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kwathu, ndipo nditatchula Kapelula anandigwira dzanja ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo ankanditcha mlongo, koma kundiseka sankasiya. Akandiona ndikubwera ndi ndodo yanga yoyezera ankauza anzawo kuti abise mapiki, agogo a maenje afika. Ankati kwathu mkazi akangosuzumira pamene adzukulu akukumba amalipa nkhuku, ndiye ine ndikadzabwera kumudzi ndidzanyamule khola lonse pamutu. Kumudzi kwawo iwo ndiwo ankatsogolera adzukulu, monga inu.

Lachiwiri lapitali kunagwa chizimalupsa. Sinali mvula yambiri, inangozimitsa fumbi. Lachitatu m'mawa tinayendera monga mwa masiku onse. Pali chigawo china chimene pamwamba pali katondo wolimba, koma m'munsi muli mchenga wotuwa, pakuti kale panali dambo limene anthu anachita kukwirira. Matabwa anali atatha, ndipo galimoto yobweretsa ena inali isanafike. A Mphepo anauza kapitawo wathu, a Nelson, kuti anthu akagwire kumtunda kumene matabwa aliko kale. Ine ndinamanga tepi pachigawo chamchengacho, ndipo tinaoloka msewu kukayendera ngalande ina.

Apa ndifotokoze kaye chinthu chimodzi. Pamene mapaipi awiri akumana, wolumikiza amafuna malo oti manja ndi zida zizungulire bwino. Lamulo lathu ndi lakuti ukulitse ngalande kuyambira pamwamba kutsika pansi. Zimenezo zimatenga nthawi, ndipo dothi lotulutsa limachuluka. A Davison anali ndi njira yawo yachidule. Ankangofukula m'munsi mwa khoma n'kupanga kachipinda kam'mbali, pamwamba n'kupasiya momwemo. Tinawaletsa kangapo. Ankayankha mwaulemu, chipewa chili m'manja, kuti manda anayamba kukumba ndevu zisanamere, zipinda zam'mbali apanga zosawerengeka, ndipo palibe ngakhale chimodzi chinawagwerapo. Sankanama ayi.

Tsikulo masana, anzawo akupuma pamthunzi, iwo anadutsa pansi pa tepi kuti akakonzeretu malo olumikizira, kuti matabwa akafika ntchito iyende msanga. Sanali munthu waulesi kapena wamwano, achimwene. Changu ndi chimene chinawalowetsa.

Ine nthawi imeneyo ndinali ndikubwerera. Kale ndinkaganiza kuti nthaka ikamagwa imachenjeza, imalira kaye ngati mtengo umene ukugwetsedwa. Si choncho. Kunangomveka ngati munthu watula thumba la chimanga pangolo, basi. Kenaka ndinaona anthu akutaya mbale zawo n'kuthamanga.

Nditafika ndinapeza khoma la mbali imodzi litatsetsereka lonse ngati chidutswa chimodzi. A Davison anali chiimire, dothi lili m'chifuwa, mutu ndi dzanja limodzi zili kunja. Anthu anafuna kudumphiramo onse, koma a Mphepo anawaletsa mokalipa, pakuti khoma linalo nalo linali litachita mng'alu ndipo likanawakwirira onsewo. Woyendetsa katapila anafuna kukumba ndi makina. Anamuletsanso, chifukwa mano a katapila sasiyanitsa dothi ndi mwendo wa munthu. Panafunika kuthamanga kumtunda, kuzula matabwa, kuwanyamula, kuchirikiza kaye khoma, ndipo kenaka anthu awiri okha n'kutsika ndi mafosholo ndi manja. Ena anayamba kutukwana a Mphepo kuti alibe mtima. Nthawi ngati imeneyo, yoimirira ukuyang'ana munthu nayenso akukuyang'ana, sindikufuna kudzaionanso.

Ine anandiuza kuti ndigone chafufumimba pathabwa limene tinapingasa pamwamba, ndizilankhula nawo kuti asakomoke. Ndinawafunsa za kwawo, za ana awo, za ng'ombe imene ankafuna kugula. Ankayankha mawu amodziamodzi, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake. Mukamadinda fodya pa jeke mumapotokola, masamba n'kuphwa osabwereranso, mukapotokolanso amaphwanso. Dothi limachita chimodzimodzi ndi chifuwa cha munthu. Akatulutsa mpweya chifuwa chimachepa, mchenga n'kulowa pamalopo, ndipo akafuna kukokanso mpweya amapeza malo palibe. Mpweya uliwonse umakhala waung'ono kuposa wapitawo. Komanso dothi ndi lolemera kuposa momwe timaganizira. Lodzaza ngolo imodzi limaposa mabelo khumi a fodya, ndipo limene linawagwera linali ngolo zingapo.

Ali momwemo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mlongo, nsapato zanga zili pansi pa mtengo wa mango. Zisasowe, n'zatsopano."

Ndinawauza kuti ndazisunga kale. Patapita kanthawi analankhulanso.

"Kachipinda kake kanali kakang'ono. Kakang'ono kwambiri."

Sanali kudziikira kumbuyo ayi. Anali kudabwa.

Anawatulutsa dzuwa litapendeka. Anali moyo, anapempha madzi, anafunanso kuimirira. Anthu anawomba m'manja, ena n'kuyamba nyimbo yothokoza. A Mphepo okha sanasangalale. Anandinong'oneza kuti munthu amene wapanikizika nthawi yaitali ngozi ina imayamba akamasulidwa, chifukwa magazi oipa amene anatsekeredwa m'miyendo amathamangira kumtima ndi kuimpso. Kuchipatala anayesetsa ndithu. Lachinayi m'mawa a Davison anatisiya.

Kumaliro sindinathe kupita, chifukwa oyendera ntchito a boma anatiitana kuti tifotokoze zonse mwatsatanetsatane. Nsapato zija ndinazipereka kwa mng'ono wawo amene anabwera kudzatenga thupi. Ena mwa anzathu ayamba kunena kuti munthu wokumba manda nthaka imamudziwa, tsiku lina imamuitana. Ena akuti pali wina kumudzi kwawo amene sankawafunira zabwino. Ine sindikutsutsana nawo, chifukwa aliyense akulira m'njira yake. Koma ndinapita kukaona pamalopo ndi maso anga. Mchenga unachotsedwa pansi, katondo anatsala alibe chomugwira, mvula n'kumulemeretsa. Palibe china.

Chiyambire tsiku limenelo mantha andilowa. Ndikamadutsa pafupi ndi dzenje la zinyalala lomwe ndimayenda chapatali. Munthu akandiyankha kuti wakhala akuchita zimenezi zaka zonse ndipo palibe chinachitika, ndimangoona nkhope ya a Davison.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Lachisanu lija, mutawapatsira alamu foni, iwo anafuna kundisangalatsa ndi nkhani zabwino za kumudzi. Anandiuza kuti chaka chino dzina lanu latuluka pa makuponi, ndipo simugawananso thumba la feteleza ndi mabanja ena monga chaka chatha. Anati mwakulitsa nazale, mabedi awonjezeka, mbande zamera bwino. Ndinasangalala. Kenaka anayamba kutama chitsime chimene mwakumba kudambo. Akuti zitsime za anzanu zaphwa koma chanu ayi, chifukwa mwachikumba mwanzeru: pakamwa pang'ono kuti dzuwa lisamwe madzi, koma pansi mwafukula mbali zonse mpaka chachita mimba ngati mtsuko, moti munthu akhoza kutambasula manja osakhudza khoma. Akuti anthu akubwera kudzaona, ndipo inu mukuwauza kuti luso limenelo munalitenga kumanda. Anawonjezera akuseka kuti vuto ndi limodzi lokha: mchenga umagwera m'madzi, ndiye m'mawa uliwonse mumatsika ndi ndowa kukauchotsa musanayambe kuthirira.

Achimwene, foni inatsala pang'ono kundipulumuka m'manja. Ndisanapeze mawu, mayunitsi anatha. Ndinaganiza zoimbanso, koma ndikudziwa momwe zikanathera. Inu mukanakhala mutaima pachulu paja pamene pamagwira netiweki, anthu akumvetsera, ndipo mukanaseka n'kunena kuti mwana wasukulu wayambapo. Ndiye ndasankha pepala, loti mukhoza kuliwerenga kawiri popanda wina wokuyang'anani.

Sindikukuphunzitsani kukumba. Ine khasu la kumanda sindinaligwirepo, ndipo sindinaonepo adzukulu ali pantchito. Ndikudziwa kuti manda a malemu bambo munawakonza ndinu, ndipo akuluakulu anayamikira. Koma ndinu amene munkasoka fodya m'chigafa kuti ine ndikhale pasukulu ku Nkhamenya. Ngati sukulu yandipatsa maso oona zina, maso amenewo ndi anunso. Ndiloleni ndifotokoze kusiyana kwa maenje awiriwa monga ndaphunzirira, mlandu wake muweruze nokha.

Manda athu ali pamtunda, pa katondo wouma, m'nkhalango mmene mizu ya mitengo yalukana ngati nkhokwe n'kugwira dothi. Kachipinda kam'mbali n'kakang'ono, ndipo kamakhala kotsegula theka la tsiku lokha. Dzuwa lisanalowe mumakhala mutakwirira kale. Nthaka imatha kupirira kanthawi kochepa chotero, ndipo n'chifukwa chake sinakugwereni inu kapena a Davison zaka zonsezi.

Chitsime chanu chili kudambo. Pamwamba pali makande, amene m'chilimwe amauma gwa n'kumaoneka ngati simenti. Koma pansi pake pali mchenga wonyowa, ndipo mchengawo ndi umene mwauchotsa. Makande aja tsopano ali ngati denga la chigafa chimene mwachizula mizati. Denga lotero likhoza kukhala masiku angapo lili m'malere, wodutsa n'kumati ndi lolimba. Ndipo chitsimecho sichikhala theka la tsiku. Chakhala kuyambira pamene munafesa, ndipo mukufuna chikafike nthawi yowokera.

Onjezanipo izi. Dothi limene munakumba, monga timachitira kwathu, ndikudziwa kuti mwaliunjika pakamwa pomwepo kuti ng'ombe zisagweremo. Kulemera kwake konse kuli padenga lomwelo. Otunga amaima pomwepo, makheni akudontha, madzi n'kumalowerera m'ming'alu ya makande. Ngolo ikabwera ndi migolo imaima chapafupi. Ndipo mukatunga mpaka madzi kutsika, ena amathamangira m'chitsime kuchokera m'makoma atanyamula mchenga. Mchenga umene mumachotsa m'mawa uja suchita kubwera ndi mphepo. Ndi khoma lenilenilo likudyeka. Tsiku lililonse mimba ija ikukula yokha inu osakumba, ndipo ndowa iliyonse imene mumatulutsa ikupereka malo oti wina ugwere. Ife kuntchito tikapeza mchenga watsopano patsinde pa khoma m'mawa, sitikambirananso. Timatseka.

Chimene chikundiopsa koposa ndi mvula. Kuno chizimalupsa chagwa kale, kwanuko chikhoza kugwa mawa kapena mkucha. Makande akamwa madzi amalemera ndi kufewa nthawi imodzi. Ndipo ine ndikukudziwani. Mvula ikangogwa, m'mawa mwake mudzapeza mchenga wambiri kuposa masiku onse, ndipo tsiku limenelo ndi limene mudzafulumire kutsika. A Davison anali ndi khamu la amuna, matabwa, galimoto ndi chipatala chapafupi, koma sizinakwane. Inu kudambo mumakhala ndi alamu okha atagwira chingwe. Iwo adzachita chiyani? Adzathamangira kumudzi kukaitana anthu, kukusiyani nokha, kapena adzadumphiramo? Ndikawaganizira ataima pamenepo chingwe chili m'manja, ganizolo sindilimaliza.

Ndikudziwa zimene munene. Mbande sizidikira. Zikangosowa madzi m'dzuwa la Okutobala ndiye kuti chaka chapita, ndipo feteleza amene mwamudikira nthawi yonseyi mudzathira pa chiyani? Zimenezo n'zoona, ndipo sindikunena kuti musiye kuthirira. Ndikunena kuti chitsime chikhoza kukonzedwa popanda munthu kutsika pansi pa denga lija.

Muyambe mwadzaza migolo yonse, ya kwanu ndi yobwereka. Kenaka muchotse mulu wa dothi uja n'kukautaya patali, mtunda woposa kuya kwa chitsimecho. Mugoneke mitengo yaitali ya bulugamu mopingasa pakamwa, mathero ake akagone pa nthaka yolimba, ndipo aliyense aziponda pamitengopo. Muli pamenepo muziphwanya denga lija kuchokera pamwamba ndi mtengo wosongola, n'kumakulitsa kamwa mpaka chitsime chifanane ndi mbale, chotambalala pamwamba, chopapatiza pansi. Dothi lidzagweramo, inde, ndipo madzi adzada. Koma makoma akapendekeka bwino munthu akhoza kutsika mochita kuyenda n'kumalitulutsa, pamutu pake popanda cholendewera. Ngati mukuopa kuti dzuwa limwa madzi, muphimbe ndi udzu monga mumaphimbira mabedi.

Mwina chimene chingakuvuteni si ntchitoyo ayi, koma kugumula chinthu chimene anthu akhala akubwera kudzatama. Paja mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Amene akufunseni muwauze kuti mlongo wanu wa ku Lilongwe wakusowetsani mtendere, ndipo mwachita kuti angokhala chete. Andiseke ine, palibe kanthu, ndinazolowera. Muitanenso adzukulu anzanu kuti akuthandizeni, sangakukanireni. Kuli bwino abwere ndi makasu awo inu mukuwalandira nokha.

Za kuno zina n'zazing'ono. Ntchito pachigawo chija yaima kaye, ndipo tsopano matabwa akubwera ambiri moti tikusowa powaika. Kumene ndikukhala madzi akutuluka m'bandakucha mokha, ndiye munthu woika mapaipi ndikusamba ndi kapu. Eni nyumba alonjeza kukonza denga mvula isanayambe, monga analonjezera chaka chatha. Sabata yatha ndinakumana ndi Modester, amene tinali naye ku Nkhamenya uja ankabwera kwathu patchuthi. Tsopano ndi namwino, ndipo akuti amayi sanawaiwale ndi chiponde chawo chija. Ndapatsira a Frazer shuga, sopo ndi mankhwala opaka pabondo. Amayi akapitiriza kunena kuti ndisiye ntchito, muwauze mofatsa kuti ine m'ngalande sindilowa, ntchito yanga ndi yoletsa ena. Ndikadzabwera pa Khirisimasi ndidzawafotokozera ndekha.

Mundiperekere moni kwa amayi. Kwa alamunso, ndipo chonde musawakalipire chifukwa chondiuza, iwo ankakutamani. Moni kwa Goodness ndi Ernest, muwauze kuti azakhali awo adzafunsa za mayeso. Atsibweni a ku Lifupa mukawaona muwauze kuti ndikuwakumbuka, chimodzimodzinso azakhali ndi onse a kumpingo amene anandipempherera atamva wailesi.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo silifuna kuti mukhulupirire mawu anga. Mawa m'mawa, musanatsike, mupite kudambo nokha ndi luzi, mwala ndi mtengo wautali. Mugoneke mtengowo pakamwa pa chitsime kuti ukunyamuleni. Mumange mwala kuluzi n'kuutsitsa pang'onopang'ono, luzi likukhudza mlomo wa chitsime, mpaka mwala ufike pamadzi. Mwala umatsika molunjika, sukondera munthu. Muone mpata umene watsala pakati pa mwalawo ndi khoma la pansi. Kenaka mubwerere m'mbuyo, muyeze mpata womwewo pamwamba kuchokera pamlomo, ndipo mujambule mzere ndi ndodo kuzungulira chitsime chonse. Nthaka yonse imene ili m'kati mwa mzerewo ilibe kanthu pansi pake.

Mukatero, muyang'ane mapazi amene adinda m'kati mwa mzerewo, akuluakulu ndi ang'onoang'ono omwe, muone kuti ndi a yani. Chochita mudzachidziwa nokha.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Louisa